Ndinamuuza kuti ndi nsomba

Ndinanamiza mkazi wanga ndi mawu amodzi, ndipo tsiku lomwelo anamwalira. Inu owerenga, sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Ndikungofuna mumve mmene zinakhalira.

Sesiliya anali wa ku Bembeke. Ine ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina pa Boma pa Dedza. Tisanakwatirane, apongozi anga anandiitanira pambali n'kundiuza kuti mwana wawo amasala nkhanu. Anati ali wamng'ono anadya nkhanu ya kumtsinje, natupa nkhope mpaka maso kutsekeka, ndipo sing'anga wina anawalangiza kuti asadzailawenso. Ndinavomera mwaulemu, koma m'makutu mwanga munangotsala mawu awiri: kusala ndi sing'anga. Ndinaziika m'gulu la zikhulupiriro zimene ndinkati ndinazisiya pageti ya koleji. Za kutupa zija sindinazisunge.

Linali Loweruka lozizira la mu Juni. Pafupi ndi msewu waukulu panali patatsegulidwa malo odyera atsopano, ophika za m'nyanja yamchere zochokera ku Mozambiki. Tinali titagula shuga ndi sopo zopita nazo kwa amayi ake masana omwewo. Sesiliya anati tingolawa pang'ono, chifukwa amayiwo amakhumudwa mlendo akafika wokhuta.

Anatibweretsera mbale imodzi ya mpunga, pamwamba pake pali tinthu tofiirira, topindika, tosenda kale. Mwini malowo anati dzina la tinthuto ndi kamarawu. Sesiliya anatembenuza kamodzi ndi foloko.

"Aphunzitsi, kameneka n'kachiyani? Kakungooneka ngati mbozi yodzola mafuta."

Ndinkadziwa. Kamarawu ndi nkhanu n'zapachibale, ndipo chaka chilichonse ndimajambula zimenezi pabolodi. Koma ndinaganiza kuti akadya popanda vuto ndimuuza tikamatuluka, tiseke, aone yekha kuti kusalako kunalibe maziko.

"Ndi nsomba," ndinatero. "Idyani."

Anadya titatu, nati n'tokoma. Kenako anayamba kukanda pakhosi n'kupempha madzi. Milomo inatupa ine ndikuona. Ndinati mwina ndi tsabola. Apa m'pamene ndinataya nthawi, ndikumumwetsa madzi, chifukwa kutchula kamarawu kunali kuvomera kuti ndanama. Mmene mwini malo ankaimitsa galimoto, mpweya wa Sesiliya unali ukutuluka ngati mluzu. Chipatala sichili kutali. Anamwino anathamanga, anachita zonse zimene akanatha. Pambuyo pake adokotala anandifunsa ngati pali chakudya chimene thupi lake linkadana nacho. Ndinayankha kuti chilipo.

Pamaliro, apongozi anandifunsa chimene mwana wawo anadya. Ndinali nditagwada pamaso pawo, ndipo ndinati nsomba. Kameneko kanali kachiwiri.

Ndakhala nawo mawuwo chaka chathunthu. Mwezi watha ndinapita ku Bembeke, n'kuwapeza apongozi akukumba mbatata ya kachewere kuseri kwa nyumba. Ndinawauza zonse, osachotsapo kanthu. Anatsamira khasu.

"Ndinauza inu chifukwa ndinu ophunzira," anatero. "Ndinkati mudzamusamala kuposa ife."

Sanandikalipire. Ananditapira mbatata m'thumba kuti ndizikadya. Kukalipa ndikanakupirira.

Inu owerenga, munthu akakuuzani kuti amasala chakudya, musamuyese. Kaya anamuletsa ndi adokotala, kaya ndi sing'anga, kaya ndi amayi ake osadziwa kulemba, funsani chimene chinachitika tsiku limene anadya, ndipo muchisunge. Chakudya chachilendo chimabwera ndi dzina lachilendo, koma thupi silinamizidwa ndi dzina. Mukaona wina akutupa kapena kubanika atadya, musalimbane ndi madzi, thamangirani kuchipatala.

Ndipo wina akakulozerani m'mbale n'kufunsa kuti ichi n'chiyani, nenani zoona. Mwini malo uja anali ataima pafupi, Sesiliya akanatha kufunsa iye. Anafunsa ine.