Nsapato Imodzi ya Aphunzitsi

M'ngalawa ya amalume munali nsapato yakuda ya kumanzere, yopanda inzake. Inkakhala patsinde pa mlongoti ndipo tinkakapira madzi. Chikopa chake chinauma n'kupindika, koma amalume sanalole kuti itayidwe mpaka ngalawayo inawolera pamchenga ku Nkope.

Chaka chimene nsapatoyo inalowa m'ngalawa ndinali mu Sitandade 3, bambo ali kumigodi ku Joni. Inali nyengo ya mwera, sukulu itangotsekera. Amayi anandiuza kuti tikupita kutsidya kukaona abale. Tinakweza mphasa, mbaula, mbatata ndi matumba a usipa wouma. Titatalikira doko, thumba lina linagwedezeka, ndipo pansi pake panatuluka aphunzitsi anga.

Ndinkawaopa aphunzitsiwo. Anali munthu wa tayi ndi nsapato zopolishidwa, ndipo ukalakwitsa samu ankakumenya ndi rula m'zala. Lero ndikudziwa kuti anali atakana kubweza kunyumba ana a sukulu amene makolo awo analibe makhadi a chipani, ndipo wina anakawanenera. Masiku amenewo munthu akatengedwa sankabwerako msanga, ena sanabwereko n'komwe. Amalume anavomera kuwaolotsa mpaka kufupi ndi malire. Ine ndi amayi tinakwera kuti ngalawayo izioneka ya banja lopita kukacheza. Zonsezi panthawiyo sanandiuze. Amayi anangoti, "Aphunzitsi akudwala. Usauze munthu."

Mwera sunatilole kuoloka msanga. Kwa milungu iwiri tinkayenda m'mbali mwa gombe, mphepo ikakula n'kubisala kuseri kwa miyala kumene kulibe midzi. Amayi ankaphika pambaula yoikidwa m'beseni la mchenga. Bulangete, madzi akumwa, ngakhale khungu langa, zonse zinkanunkha usipa. Thanga linali la matumba osokedwa pamodzi, ndipo mphepo ikalimenya linkalira ngati nsalu yochapidwa pamwala. Madzi ankalowera m'ming'alu imene amalume ankatseka ndi thonje, akulikankha ndi nsonga ya mpeni. Kwathu ndinkasambira pamadzi osaya pokha. Apa madzi anali akuda, osaoneka pansi, ndipo ndikafuna kukodza amayi ankandigwira malaya kumsana ine nditatsinzina.

Aphunzitsi akangomva bwato lililonse ankagona pansi. Ndinkaganiza kuti nawonso akuopa nyanja, ndipo mumtima zinkandikomera. Nsapato zawo ankazipukuta m'mawa uliwonse n'kuziika bwinobwino patsinde pa mlongoti. Amalume anawachenjeza kawiri konse: "Aphunzitsi, muno si m'kalasi. Bisani izo." Iwo ankangomwetulira. Sindiwaweruza. Ndi zokhazo zimene anachoka nazo kunyumba kwawo.

Tsiku loolokalo kunacha bata, koma mwera unatipeza pakati pa nyanja dzuwa lili pamutu. Ngalawa inkakwera funde n'kugwa ndi mkokomo umene ndinkaumva m'mano. Ndinasanza mbatata yonse. Kenako ndinaona boti la injini patali, likudutsa osatilabadira. Ndinaimirira, ndinavula malaya n'kuyamba kuwakupiza m'mwamba ndikufuula. Ndinkati tapulumuka. Botilo linakhota.

Amayi sanandimenye, panalibe nthawi. Anakankhira aphunzitsi pansi, anawavundikira ndi mphasa ndi matumba, n'kukhala pamwamba pake. Apo ndi pamene anaona nsapato zija. Msodzi wa kwathu sankakwera bwato ndi nsapato, ndipo mapazi a amalume, otambalala ngati nkhafi, sakanalowamo. Amayi anagwetsera imodzi m'nyanja kuseri kwa thanga. Asanatenge inzake, botilo linali litayandikira. Anaiviika m'madzi a m'ngalawamo, anaipaka phulusa la m'mbaula, n'kundiika m'manja.

"Kapa madzi. Usadzutse mutu."

M'botimo munali amuna atatu. Anafunsa makhadi a chipani, ndipo amayi anamasula mfundo ya chitenje chawo n'kuwapatsira, manja ali phee. Mmodzi anandiloza.

"Mwanayu amatiitaniranji?"

"Ndi wamantha ameneyu, achimwene," anatero amalume. "Anabadwira kunyanja koma ungati ndi wa kumapiri ku Chowe."

Anaseka onse atatu. Wina anawerama n'kuyang'ana m'manja mwanga. "Nanga mwini nsapatoyo ali kuti?"

"Kafunseni ng'ona," anayankha amayi. "Ife tinaitola pamchenga. Imakapa bwino kuposa chitini."

Ndinkangokapa. Pafupi ndi bondo langa, m'mphepete mwa mphasa, panatuluka chala chachikulu cha phazi la aphunzitsi. Amayi anakonza chitenje ngati munthu amene wamva kuzizira, ndipo chalacho chinabisika. Funde linaombanitsa maboti awiriwo, woyendetsa injini anatukwana, ndipo anatiponyera makhadi athu n'kumapita.

Tinafika kutsidya masana omwewo, pamalo a bango opanda nyumba. Aphunzitsi anatsika opanda nsapato. Mapazi awo anali otuwa ndi ofewa ngati a khanda. Munthu amene makolo ankamuvulira chipewa anagwada pamchenga pamaso pa amayi. Anandigwira pamutu n'kunena kuti, "Uziwerenga." Analowa m'tchire akuponda mosamala chifukwa cha minga. Sindinawaonenso, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anafika.

Pobwerera mphepo inali italeka, koma ndinalira njira yonse. Amalume ankati ndikuopa mafunde. Ine ndinkaopa tsiku lotsegulira sukulu, pamene aphunzitsi adzandiitane kutsogolo ndi rula chifukwa ndinakapira madzi nsapato yawo. Ndinkayang'ana amayi kuti andithandize kupeza chodzanena. Iwo anali atakhala pamatumba paja, atagwira mlongoti ndi manja onse awiri, thupi lonse likunjenjemera. Zinandidabwitsa. Pamafunde aja sananjenjemere, ndipo tsopano nyanja inali itagona.