Dzina la Ababa Silinalimo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene Ababa anandiuza kuti mawa lake ndisapite kusukulu. Anali m'shedi mwawo akupala thabwa uku akuimba mluzu, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Esnati, Chizungu chako chija aphunzitsi amachitamachi, mawa tikachione. Undiperekeze kunyumba yaikulu."

Tinkakhala pa esiteti ya tiyi ku Mulanje, m'munsi mwenimweni mwa phiri. Eni ake anali banja lochokera ku Sikotilandi. Dzina lawo linkatipinda lilime, choncho aliyense ankangoti kwa a Chipewa, chifukwa mzungu woyamba amene anagwetsa nkhalango pamalopo akuti sankavula chipewa ngakhale pakudya. Ababa, a Jemusi, anali kalipentala wa pa esitetipo. Anali oyererapo khungu, tsitsi lawo lofewa, ndipo chifukwa chake sichinali chinsinsi kwa aliyense. Mayi awo, Anganga a Muhaniwa, anachokera ku Mozambiki ali mtsikana, nalowa ntchito yochapa kunyumba yaikulu. Mwana wamng'ono wa a Chipewa, Bwana Andulu, anawatenga n'kuwamangira kanyumba ka njerwa m'mbali mwa mtsinje. Ababa anabadwira m'menemo, ifenso tinabadwira momwemo.

Bwana Andulu anamwalira ndi malungo Ababa akadali aang'ono. Mkulu wawo, bwana wamkulu amene anatsala ndi esiteti, ananena pamaso pa akapitawo kuti nyumbayo ndi munda wake ndi za Muhaniwa ndi mwana wake, pasapezeke wowavutitsa. Mawuwo sanalembedwe paliponse. Kwa zaka zonse zija palibe amene anaona chifukwa chowalembera.

Tsopano bwana wamkulu uja anali atamwalira, dona wake naye anatsatira, ndipo mwana wawo wamkazi, Dona Magireti, anabwera kuchokera kwawo kudzalongedza katundu. Kunamveka kuti esiteti yagulidwa ndi munthu wina wamkulu. Dzina lake anthu ankalitchula motsitsa mawu, atayamba ayang'ana kumbuyo, pakuti inali nthawi ya chipani chimodzi. Akapitawo anayenda khomo ndi khomo kutiuza tonse a kumtsinje kuti tikangokolola chimanga tisamuke, chifukwa pamalopo padzalidwa tiyi.

Amayi sanafune zoti tipite. "Bambo a Esnati, zisiyeni izi. Malo wagula ndi munthu wamkulu, inu mukadandaule? Mukufuna atinene kuti ndife oukira?"

"Sindikupita kwa wogulayo ayi," Ababa anayankha. "Ndikupita kwa mlongo wanga. Bambo ake ndi bambo anga anayamwa bere limodzi."

Amayi anangopukusa mutu n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake kunali chiperoni, kamvula kosalekeza kaja, ndipo phiri silinkaoneka. Ababa anavala jekete yawo ya kutchalitchi, khadi la chipani lili m'thumba la pachifuwa. Tinadutsa m'mizere ya tiyi, amayi othyola masamba atadzifunditsa mapepala a pulasitiki, madengu ali kumsana. Kuchokera kufakitale kunkabwera fungo lija la masamba ofota limene mpaka lero ndikalimva mtima umandigunda. Moyo wawo wonse Ababa akafika kunyumba yaikulu ankalowera khomo la kukhitchini. Tsiku limenelo anakwera masitepe a kumaso. Tisanagogode anandigwira paphewa.

"Unene zimene ndanena, undiuze zimene anena. Usachotsepo, usathirepo mchere. Wamva?"

"Ndamva, Ababa."

Anatsegula ndi Dona Magireti mwini wake, mayi wamtali wa imvi zoyamba kumene. Atangowaona Ababa anaika dzanja pakamwa. "Jemusi! Moni, Jemusi!" Awiriwa ankasewera limodzi pabwalo lomwelo ali makanda, donayo asanatumizidwe kusukulu kwawo. Koma Chinyanja chake chinathera pa moni yemweyo. Zotsalazo zinayenera kudzera mwa ine.

M'chipinda chochezera munali mabokosi okhaokha. Patebulo panali mulu wa mapepala achikasu omangidwa ndi timaliboni, ndipo kuseri kwake kunakhala loya wochokera ku Blantyre, mzungu wowonda wa magalasi. Anatipatsa mipando. Ine ndinakhala m'mphepete mwenimweni, kuopa kudetsa ndi matope a kumiyendo kwanga.

Ababa anayankhula modekha. Anafotokoza za nyumba, za munda, za lonjezo la bwana wamkulu, ndi za manda a Anganga amene anali kuseri kwa nthochi zathu. Ine ndinkamasulira. Ndikuvomera kuti ndinkamva kunyada. Ndinkaona ngati Chizungu changa ndicho chitipulumutse.

Loya uja anafunsa ngati panali pepala la lonjezolo. Panalibe. Anafunsa ngati akapitawo amene anamva mawuwo analipo. Onse anali atamwalira. Sanakalipe, ndipo mwina zikanakhala bwino akanakalipa. Anatambasula mapu ndi chikalata cha malo chokhala ndi chidindo chofiira, natisonyeza ndi chala kuti kuyambira kumsewu mpaka kutsidya kwa mtsinje malo onse anali a banjalo. Anati chuma chimagawidwa motsatira wilo, kalata imene mwini chuma amasiya asanamwalire, ndipo wiloyo imatchula okhawo amene ali mumzere wa banja. Ponena zimenezi analoza kukhoma.

Pakhomapo panali chipepala chachikulu m'galasi, chojambulidwa ngati mtengo wozondoka. Pamwamba panali chizindikiro cha banjalo ndi mayina a makolo awo akalekale amene anali eni minda ku Sikotilandi, ndipo kuchokera pamenepo mizere inkatsika, dzina kubala mayina, mpaka pansi. Nkhope ya Ababa inawala.

"Uwauze kuti felemu imeneyo ndinapanga ndine. Ndi mkungudza wa ku Chambe, ndinakasankha ndekha thabwa lake. Bwana wamkulu anandiuza kuti banja lonse lili m'menemo." Kenako anandikankha pang'ono. "Pita ukawapeze bambo anga."

Ababa sankadziwa kuwerenga. Manambala a pa tepi yoyezera ankawadziwa bwino, koma zilembo ayi.

Ndinakwera pa kampando kuti ndifikire. Felemuyo inkanunkhirabe mkungudza. Ndinatsata mizere ndi chala mpaka ndinapeza a Chipewa, ndipo pansi pawo ana awo awiri. Kuchokera pa dzina la bwana wamkulu mzere unatsikira kwa Magireti, n'kupitirira kwa ana ake. Pa dzina la Andulu panalibe mzere wotsika. Panali chaka chobadwa, chaka chomwalira, ndi timawu tating'ono tolembedwa mopendekera. Ndinatiwerenga kamodzi, ndinatiwerenganso. Tinali timawu tosavuta, toti mwana aliyense wa m'kalasi mwathu akanatimva.

"Wawapeza?"

"Ndawapeza, Ababa."

"Nanga ine ndili pati?"

Ndinacheuka kuyang'ana Dona Magireti, ndikuyembekeza kuti mwina anena kanthu kondilanditsa. Anali atazolika, akupotokola mpango m'manja. Loya ankapukuta magalasi ake. M'chipinda monsemo munthu woti anene mawu aja m'chiyankhulo chimene Ababa ankamva ndinali ine ndekha.

"Palembedwa kuti anamwalira asanakwatire," ndinatero. "Ndiponso kuti sanasiye mwana."

"Bwereza."

Ndinabwereza. Ababa anaika manja pamaondo. Panja madzi ankadontha kuchokera pamalata. Pamene anayankhulanso, mawu awo anali otsika kwambiri moti ndinachita kuwerama kuti ndimve.

"Uwafunse adona ngati akundidziwa."

Dona Magireti anayankha misozi ili m'maso. Anati akuwadziwa, ndipo m'nyumba imeneyo munalibe amene sankadziwa. Anati ngakhale mayendedwe a Ababa anali a bambo ake aang'ono.

"Ndiye uwauze kuti za malo ndazisiya. Nyumba atenge, munda atenge. Ndikupempha chimodzi. Atsegule galasilo, ndikudziwa pamene pali misomali yake, alembe dzina langa pansi pa bambo anga. Ngakhale ndi pensulo."

Ndisanamalize kumasulira loya anali atayamba kale kukana. Anati chipepalacho chinali chofanana ndi china chosungidwa kwawo ku Sikotilandi, ndipo kuwonjezera dzina kukanadzutsa milandu ya chuma chimene chinagawidwa kalekale. Koma Ababa sankayang'ana loya. Ankayang'ana mlongo wawo. Patebulo panali zolembera zambirimbiri. Ndinaona dzanja la dona likusuntha pang'ono, kenako linabwerera pa mpango uja.

"Sindingathe, Jemusi. Undikhululukire."

Amenewonso ndinawamasulira.

Tikutuluka, dona anatithamangira pakhonde ndi kachithunzi ka Bwana Andulu ali mnyamata, ataima pambali pa kavalo. Ababa anakalandira ndi manja awiri, anakayang'anitsitsa, kenako anakabweza.

"Uwauze zikomo. Nkhope imeneyi ndili nayo kale."

Ndinalira njira yonse. Sindinkalira chifukwa cha nyumba. Ndinkaona ngati amene wawakana Ababa ndi ine, chifukwa mawu onse owawa aja anawamva kuchokera pakamwa panga, m'mawu anga. Ababa anandisiya ndilire. Sitinafikire kunyumba. Anandilondolera kuseri kwa nthochi, pamanda a Anganga, ndipo anagwada m'matope ndi buluku lawo la kutchalitchi lomwelo. Anayankhula m'Chilomwe nthawi yaitali, ngati mwana amene akunenera mayi ake zimene amuchita anzake. Ndinkamva mawu apa ndi apo. Aka kanali koyamba kuwaona akulira.

Atatha anandikhazika pa mwala n'kundipukuta kumaso ndi mkono wa jekete.

"Iwe sunandilakwire. Zaka zonsezi ndakhala ndikulowa m'chipinda chija kukakonza mawindo, ndikaona felemu ija n'kumati ndili m'menemo. Onse ankandiona ndikuipukuta, palibe anandiuza. Wandiuza ndiwe. Ndi bwino ndamvera kwa mwana wanga."

Kenako anayamba kunditchulira mayina a kuchikazi kwawo: mayi a Anganga, mayi a amenewo, ndi alongo awo amene anafera m'njira pochokera ku Mozambiki. Anali mayina ochepa, ndipo ena ankachita kukayikira. Anandiuza kuti ndiwabwereze mpaka ndinawagwira.

"Iwe ukudziwa kulemba, ndipo tsiku lina anthu adzakupatsa cholembera. Munthu akabadwa, wabadwa. Usadzamusiye kunja chifukwa choti kubadwa kwake kwakuchititsa manyazi."

Titakolola tinasamukira ku Nkando, kwawo kwa Amayi, kumene Atsibweni anatidulira kamunda. Ababa, amene sanakhalepo pa chikamwini, anakayamba chikamwini ali ndi imvi. Ankakhoma zitseko ndi mabokosi a maliro pafupi ndi msika. Ntchito yawo inali yabwino ngati kale, koma kuimba mluzu popala matabwa kuja kunatha. Chaka choyamba tinapita kukalambula manda a Anganga, tinapeza awasiyira kachilumba pakati pa mbande za tiyi. Ulendo wotsatira sitinathenso kuloza pamene panali manda. Ababa anayendayenda m'mizere ija, akuyeza ndi maso kuchokera kumtsinje, mpaka mlonda anabwera kudzatithamangitsa. Sanapitekonso. Anamwalira ine ndisanamalize sekondale.

Kwa zaka zambiri ndinkamuda Dona Magireti kuposa loya uja. Ndinkati misozi yake inali yachinyengo, chifukwa munthu wolira zenizeni akanatola cholembera.

Ndinadzakhala mphunzitsi, ndinakwatiwa, ndinabereka ana anga, ndinakalamba ndi mwamuna wanga. Atamwalira, m'mawa wa tsiku loika maliro, ndinaona mayi wina wachilendo atakhala kumapeto kwa siwa, pambali pake pali mtsikana wachisodzera. Sindinafunikire kuuzidwa. Mphumi, makutu, ngakhale kakhalidwe kopinda mutu, zonse zinali za mwamuna wanga. Alamu anga anabwera ndi pepala la mbiri ya malemu yoti ikawerengedwe kumanda, nandinong'oneza.

"Mlamu, talemba ana anu okhawa. Za uyo zisiyeni, tisachititse manyazi malemu ndi inu nomwe."

Ndinakhala ndi pepalalo m'manja, ndipo ndinafunitsitsa kuvomera. Palibe akanandidzudzula. Ana anga omwe akanandithokoza. Koma ndinatuma munthu kuti akamufunse mtsikanayo dzina lake, ndipo ndinalilemba pansi pa mayina a ana anga. Pamene ankaliwerenga kumanda anthu anang'ung'udza, ine ndinayang'ana pansi.

Sizinandipatse mtendere, ndisaname. Zinandiwawa tsiku limenelo ndipo zimandiwawabe. Koma pamenepo ndi pomwe ndinadziwa kuti misozi ya Dona Magireti inali yeniyeni. Munthu angathe kukudziwa, kukumvera chisoni, kukulirira kumene, koma n'kukusiyabe kunja, chifukwa kulira sikumulanda kanthu pamene kulemba kumamulanda. Ababa sanapemphe munda kapena nyumba. Anapempha kuti m'bale wawo avomere kutaya pang'ono kuti iwo awerengedwe ngati munthu wobadwa, ndipo anapita m'manda asanakumane ndi woti awachitire zimenezo.