Voti ya Bambo Gervazio

Bambo Gervazio ndinkakhala nawo nyumba imodzi ku Tyrrelstown, m'dziko la Ireland, ine ndikuphunzira pa yunivesite, iwo akunyamula makatoni pa kampani ina ku Santry. Kwathu anali mphunzitsi wa pulayimale ku Dedza, ndipo uphunzitsiwo sunawachoke. Ngakhale potaya zinyalala ankavala malaya osita.

Ankakonda anthu a ku Amereka mochita kunyanya, chonsecho kumeneko sanapondeko. Zonse ankazidziwira kwa Walter, mzungu wa ku Amereka amene ankaphunzitsa pa sekondale ya kufupi ndi kwawo.

"Anthu aja saopa munthu, Chrissie," ankatero. "Walter ankatsutsa ahedi pa staff meeting, ahedi ali pomwepo! Akatha n'kukamwa nawo tiyi."

Tsiku lina zinandikwana. "Bambo, mzungu mmodzi basi mwayeza naye dziko lonse? Iye anali ndi passport m'thumba, akanaopa chiyani?"

Apo m'pamene anandiuza zimene sankauza munthu. Pa referendamu ya 1993, anzawo akukavotera zipani zambiri, iwo anafunda bulangete n'kunama kuti akudwala malungo. Ankaopa kuchotsedwa ntchito. Chaka chisanathe anapita ku Joni, kuchoka kumeneko n'kubwera kuno. Munthu wa zaka makumi asanu, wokamba za ufulu m'mawa ndi madzulo, anali asanavotepo chibadwire. Ndinachita manyazi ndi pakamwa pangapa.

Mu 2009 zinthu zinavuta mu Ireland. Kampani yawo inatsekedwa, ndipo anaganiza zobwerera kumudzi mu July. Kwathu chisankho chinali chitangochitika mu May, nachonso chinawaphonya. Koma mayi wina wofuna ukhansala atagogoda pakhomo pathu, anawauza kuti pa chisankho cha makhansala aliyense wokhala m'dziko muno amavota, ngakhale mlendo. Anamufunsa katatu. M'mawa mwake anakalembetsa.

Tsikulo anandidzutsa mamawa kuti ndiwaperekeze. Anavala suti, ananyamula ambulera, botolo la madzi ndi mabanzi anayi, poti kwathu pamzere wovota munthu umatha kuswerapo. Tinafika pasukulu yovotera isanakwane seveni. Mzere wake unali iwo ndi gogo wina wokoka kagalu.

"Anthu ali kuti?" anafunsa mokwiya. "Ufulu anachita kutola pamsewu eti?"

M'katimo anatenga nthawi. Kuno sachonga dzina limodzi, amalemba manambala, woyamba, wachiwiri, mpaka pamene wafunira. Iwo analemba manambala pa mayina onse osasiyako, mosamala ngati akuchonga mayeso. Ataponya pepala m'bokosi anabwerera patebulo n'kutambasulira mayi woyang'anira chala chawo, kudikira inki yosonyeza kuti avota, monga amachitira kwathu. Kuno kulibe zimenezo. Mayiyo anangowagwira chanza. "Thanks a million, love!"

Titatuluka anaima pageti akuyang'ana chalacho.

"Palibe inki?"

"Kuno sapaka, bambo."

"Nanga kumudzi akakhulupirira bwanji?"

Ndinafuna kuseka, koma ndinaona misozi ili lengelenge m'maso mwawo.

"Ndakuonani ine," ndinatero.

"Wandiona bwinobwino?"

"Ndakuonani."

"Basi, ukadzabwera udzawauze. Ine angati ndikunama."

Mabanzi tinadyera pa siteji ya basi, kamvula kakuwaza, iwo akuseka ngati mwana. Masiku amenewo tinali osauka tonse, koma ndimawasowa kwambiri.

Anapita mu July muja. Anamwalira mu 2013, chisankho china cha kwathu chisanafike, ndipo ine ku Dedza sindinapitebe. Ndiye a kwa Gervazio, ngati muwerenge izi, imvani: bambo anu anavota, Lachisanu pa 5 June 2009, ine ndikuona ndi maso angawa.