Bezi Yomvera Kumapazi

Aliyense wa pa Nkaya amene amanena kuti a Blasius anazungulira mutu chaka chija ayambe watsuka m'kamwa. Inde, anthu anawaona akulowa m'mashopu a ku Balaka thonje lili m'makutu, nsapato zili m'manja. Zimenezo n'zoona. Koma mwa onse ankasekawo, alipo anafunsa chifukwa chake? Palibe. Kuseka basi, mano pamtunda ngati mutu wa mbuzi yowamba.

A Blasius ndi kalipentala wa zitseko ndi mafelemu, shedi yawo ili kuseri kwa siteshoni. Anabadwira cha ku Utale, sukulu anailekeza panjira, ntchito anaiphunzira poyang'ana manja a anzawo. Ndi munthu wosalankhulalankhula, msana unapindika pang'ono ndi kupala matabwa. Chitseko chawo chikalowa pakhomo chimakalamba limodzi ndi nyumba. Akazi awo, a Bernadetta, amene tonse timangoti mayi a Jacqueline, anawapeza kukwaya ya kutchalitchi. Mayiwo ndiwo ankagwira maseche, ndipo kavinidwe kawo kankadziwika kuchokera ku Nkaya mpaka ku Nselema.

Kenako mayiwo anadwala malungo aakulu. Anachira, koma matendawo anapita ndi makutu. Kulankhula amalankhula, mokweza ndithu, ndipo ukawayang'ana kumaso amawerenga milomo yako. Kumva ndiye iyayi.

Poyamba sanafooke, ankavina poonera mapazi a anzawo. Tsiku lina paukwati wa mphwawo ku Nselema anakomedwa n'kutsinzina. Nyimbo inadulidwa, onse anaima, iwo okha n'kumapitiriza kudula chiuno pakati pa bwalo. Anthu anaseka. Azibambo a ndevu zawo, ndi azimayi a mumpingo omwe, anaseka mpaka kugwirana mapewa, opanda manyazi. Mayiwo atatsegula maso anangomanga chitenje bwinobwino n'kukakhala pansi. Kuyambira pamenepo sanapondenso pabwalo.

Ndiye kunabwera chinkhoswe cha mwana wawo Jacqueline. Kwathu kuno mayi wa mtsikana sakhala pamkeka tsiku limenelo, amatsogolera anzake kuvina polowetsa mwana wake pabwalo. Mayi a Jacqueline anakanitsitsa.

"Avine azakhali ake," anatero. "Ine anandiseka kale mokwanira."

Jacqueline analira kuseri kwa nyumba. M'mawa mwake a Blasius anakwera kabaza wa ku Balaka, n'kubwerako ndi masipika awiri onyezimira, aja amaphethira magetsi ofiira ndi obiriwira. Apa ndiye analakwitsa monga timalakwitsira tonsefe. Kuno sipika timaiika pamwamba pa kabati, pafupi ndi chithunzi cha ukwati, n'kuifunditsa kansalu koluka kuti mlendo akangolowa aone kuti pakhomo pano pali zinthu. A Blasius anachita chimodzimodzi, n'kukweza mpaka pomaliza. Malata ananjenjemera, nkhuku zinathawira kwa aneba, anebawo anabwera kudzafunsa ngati atsegula bala. Mayi a Jacqueline anali pamkeka wawo akusola nandolo. Anakweza maso.

"Magetsiwo ndi okongola, bambo a Jacqueline. Mwagulira Khirisimasi?"

Munthu wina akanataya mtima pomwepo. A Blasius anangozimitsa, n'kukakhala pakhonde.

Chimene chinawatsegula maso ndi sitima. Masana ena ali pakhomo, mayiwo anangoti, "Chotsani mbuzi zija kunjanji, sitima ikubwera." A Blasius anatchera khutu, kunali zii. Anakathamangitsabe mbuzizo, ndipo asanabwerere pakhonde anaimva ikulira cha kutali. Anadzagwada patsogolo pa akazi awo kuti aone milomo.

"Mwadziwa bwanji inu?"

"Nanga si imayambira kumapazi? Kenako imakwera, ifika pamimba. Inu simuimva choncho?"

Tsiku lotsatira a Blasius anali pa Ulongwe kwa mnzawo Zubairu, wokonza mawailesi pafupi ndi pokwerera minibasi, masipika onyezimira aja ali m'thumba. Atamufotokozera za akazi awo ndi sitima ija, Zubairu anatembenuza masipikawo uku ndi uku n'kuyamba kuseka.

"Achimwene, munagula mawu kapena munagula magetsi? Tinthu iti n'ta makutu, timalira ngati udzudzu. Inu mukufuna wufa, chisipika chimodzi chachikulu cha bezi, chija chimagunda pachifuwa. Kunyezimira musakuyang'ane. Tembenuzani kumbuyo muone maginito, akhale olemera oti dzanja limodzi lidandaule. Mukatero kankhani pepala lakutsogolo ndi zala. Lizilowa mofewa n'kubwerera lokha, osakhula."

"Nanga ndidziwa bwanji kuti iwafika mayi akunyumba?"

"Pamenepo ndiye sindingakuuzeni. Ine makutu anga ndi abwinobwino, alhamdulillah, ngakhale akazi anga amatsutsa."

A Blasius anaganiza zimenezi njira yonse. Atafika kunyumba analowa m'chipinda mmene munali thonje la m'munda mwawo, anatapako, nalikanikiza m'makutu mpaka dziko lonse linati zii. Makutu awo ndiwo anawanamiza ulendo woyamba, tsopano anawatseka kuti asalowererenso nkhaniyi.

Umo ndi mmene anayendera m'mashopu a ku Balaka. Akalowa, ankavula nsapato, n'kuika dzanja limodzi pabokosi lina pamimba.

"Kwezani," ankatero.

"Bambo, makutuwo akutuluka mafinya?" ankafunsa anyamata ogulitsa, akutsinana.

Iwo sankamva n'komwe. Ankangoima, maso pansi, kenako n'kupukusa mutu. "Iyayi, iyi sikufika." Ankawatulutsira za makatoni olembedwa manambala akuluakulu, zina zokhala ndi rimoti. "Iyi ikungokanda khungu." Mbiri inafala kuti kalipentala wa pa Nkaya wapenga, akumvera nyimbo atatseka makutu. Ena anati wadyetsedwa. Odyetsedwa ndi iwowo.

Yoyenera inapezeka kwa Zubairu yemweyo. Anaimba foni kuti wapeza wufa yochokera m'minibasi imene inafera pamsewu. Inali yakuda ndi fumbi, yopanda dzina, yonyansa kuiona. Zubairu anailumikiza ku ampu, makina aja opatsa sipika mphamvu, naiika m'chibokosi chakale. A Blasius anatseka makutu, anavula nsapato. Itagunda koyamba anabwerera m'mbuyo pang'ono, dzanja lili pamimba.

"Sitima ija ndi imeneyi," anatero.

Bokosi lake anakhoma okha ndi matabwa okhuthala a mlombwa. M'mphepete monse anamata guluu kuti mpweya usathawire pena paliponse koma pabowo limodzi lakutsogolo, ndipo m'kati anayalamo thonje lomwe lija kuti matabwa asamalire okha. Sanaliikenso pakabati. Analikhazika pansi, pangodya. Alendo ankadabwa kuti chinthu chabwino chonchi n'kuchiika pansi ngati mtsuko. Koma atayesa ndi thonje m'makutu anapeza kuti simenti ikumeza zambiri, kumapazi kukungofika pang'ono. Ndiye anatenga matabwa a zitseko, nakhoma thandala lalifupi, lokwera pang'ono kuchoka pansi, lotakata loti anthu angapo n'kuimapo. Bokosi lija analimangirira pathandalapo ndi masikuluwu, pamwamba anayala mkeka wa mayi.

Linali Lamulungu masana, atabwera kutchalitchi. Mayi a Jacqueline anaona thandalalo n'kufunsa ngati tsopano aziyanika chimanga pabalaza. Anakhalapo basi, poti mkeka wawo unali pomwepo, miyendo atatambasula, lichero la nandolo pamiyendo. A Blasius anaika nyimbo ya ng'oma, osakweza kwambiri. Nandolo zinayamba kudumphadumpha m'lichero. Mayiwo anaziyang'ana, nasiya kusola. Anaika chikhatho pamkeka. Patapita kanthawi chala chachikulu cha kuphazi chinayamba kugwedezeka, ndipo sichinaphonye ngakhale kamodzi.

"Bambo a Jacqueline," anatero, mawu atatsika koyamba chidwalireni, "woimba ng'oma yaikuluyo akuthamanga. Amuuze adekhe."

A Blasius anatuluka panja, akuti kukaona mbuzi. Mbuzi zinali zomangirira kale.

Masabata otsatirawo chitseko chinkatsekedwa masana, ndipo odutsa ankangomva kugunda kwapansipansi ndi mapazi pamatabwa. Za chinkhoswe mayiwo sananenepo kanthu, a Blasius nawo sanafunse. Koma m'mawa wa tsikulo, anthu akukonza mipando pabwalo la pakhomo, mayi a Jacqueline anatuluka atavala chitenje chofanana ndi cha anzawo, n'kuloza thandala lija.

"Ichi chitulutseni. Ndipo wina asapondepo ndi nsapato."

Anachinyamula azibambo, Zubairu akulondolera mawaya uku akukalipira aliyense wowapunthwa. Anthu anadzaza, a ku Nselema aja analiponso, atakhala kutsogolo penipeni ngati sanalakwepo kanthu. Nyimbo itayamba, mayi a Jacqueline anamugwira dzanja mwana wawo, nakwera naye pathandala opanda nsapato. Sanayang'ane mapazi a munthu. Anatsinzina dala, pamaso pa onse aja, n'kuyamba kudula chiuno monga kale. Nthungululu zinamveka mpaka kusiteshoni. A Blasius anaima pafupi ndi ampu, manja kumbuyo, malaya atawapisira, akuyang'ana bokosi lawo ngati palibe china chochitika.

Mwadzidzidzi woyendetsa mwambo anakweza dzanja, nyimbo inadulidwa pakati. Matabwa atangosiya kugunda, mayi a Jacqueline anaima nthawi yomweyo, phazi lili m'malo mwake. Azimayi a ku Nselema, amene anali atalowerera kuvina kumbuyo kwawo, anapitirira ndithu ndi masitepe awo, wina mpaka kugunda mnzake.

Mayi a Jacqueline anatsegula maso, nawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kulankhula ndi mawu awo okweza aja, oti bwalo lonse limve.

"Inu a makutu, nyimbo yatha."