Chete wa a Blasius

A Blasius a ku Rivirivi anali mlimi wa thonje wolimbika, Mkatolika wosajomba kutchalitchi, ndiponso, tisabise, munthu wa mawu oipa kuposa onse m'deralo. Akatsinzina n'kuyamba kuimba, umangomva ngati macheka akudula mtengo wouma. Tsoka lake, nyimbo ankazikonda ndi mtima wonse. Za Chilatini zija ankaziyamba anzawo asanakonzeke, n'kudzazimaliza anzawo atakhala kale pansi.

Koma Mulungu naye ali ndi nthabwala zake. Bambo yemweyo anabereka Modester, mtsikana amene akamaimba posinja, amayi ochokera kumtsinje ankaima panjira mitsuko ili pamutu.

M'chaka cha 1952 sisitere wina wochokera ku Limbe anamumva akuimba. Anati mwanayu apite kusukulu yawo akaphunzire kuwerenga manoti ndi kuliza limba, kuti adzaphunzitse makwaya. Malo amusungira mpaka msika wa thonje. Malipiro akapanda kupezeka, malowo apatsa wina. Thonje la a Blasius chaka chimenecho n'kuti litadyedwa ndi mbozi.

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi," anatero a Blasius. "Upita basi, mwanawe."

Nzeru imene anaipeza inali yoyenda khomo ndi khomo kuimbira anthu kuti aziwapatsa kangachepe. Anayambira kwa a Yoram, akatekisiti. Ndime yoyamba isanathe, galu wa pakhomopo anali atalowa kunsi kwa nkhokwe.

"Basi, achimwene, basi!" anakuwa a Yoram. "Tengani nkhuku iyi, koma chonde musapitirize."

Zinawapweteka kwambiri a Blasius, pakuti zaka zonsezi ankayesa kuti anthu amawatembenukira chifukwa chowasirira. Anabwerera nkhuku ili m'khwapa, nkhope ili pansi. Koma pofika pakhomo anali akuseka okha.

Lamulungu, mapemphero atatha, anaimirira ndi dengu m'manja.

"Abale anga, ndamva kuti chete wanga ali ndi mtengo. Ndiye ndikugulitsa. Sabata iliyonse imene muponye kanthu m'dengu la Modester ili, ine m'tchalitchi muno sinditsegula pakamwa."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, koma dengulo linadzaza: thonje, nandolo, mazira. Ngakhale a Hassani, Msilamu amene nyumba yawo inali kuseri kwa tchalitchi, anabwera akukoka mbuzi.

"Iyayi, musadabwe," anatero. "Inenso makutu ndili nawo."

Msika wa thonje usanatseke, Modester anakwera sitima pa Balaka ndi kasutikesi ka malata.

Musaganize kuti inali ntchito yopepuka. Zaka zitatu munthu wokonda nyimbo kukhala kukamwa kuli tseke anzake akuimba! Ankangogwedeza phazi, nthawi zina kuluma chipewa. Ikawakwana, ankapita kumunda kukaimbira mizere ya thonje, ndipo ena amati n'chifukwa chake mbozi sizinabwererenso.

Zaka zitatuzo zitatha, Modester anabwerako pa Khirisimasi, manoti akuwawerenga ngati kalata. M'mawa wa tsikulo tchalitchi chinadzaza mpaka ena kusuzumira pamawindo. Atakhala pa limba, anatembenuka n'kuyang'ana bambo ake.

"Ababa, dengu lija latha ntchito. Lero muimbe nafe."

A Yoram anaweramitsa mutu. Amayi ena anakumbatira ana awo. A Blasius anaimirira, anakonza kolala, anakoka mpweya wonse umene anausunga zaka zitatu.

Kenaka Modester anayamba. Mawu ake anakwera mofewa, osagwedera, mpaka kudzaza nyumba yonse. Bambo ake anali asanamumvepo bwinobwino m'tchalitchi, chifukwa kale lonse mawu awo omwe ndiwo ankamuphimba. Anatsegula pakamwa, koma mawu sanatuluke. Misozi yokha ndiyo inatsikira m'ndevu.

Tsiku limenelo a Blasius anakhala chete mwaulere.