Mono umene anatchera mayi a Tadala

Lachinayi m'mawa, nditabwerako kumapemphero, ndinakhala pakhonde foni ili m'manja. Ndinali nditatsimikiza mtima kuchita chimene ndakhala ndikuzengereza: kufufuta zimene malemu mkazi wanga anasiya m'menemo.

Foniyi inali yawo. Mayi a Tadala anali mlembi wa kalabu ya alimi a ziweto kuno ku Chikwawa, ndipo mwana wathu Tadalayo anawaikira pulogalamu yosonkhanitsa nkhani. Umasankha wekha masamba a pa intaneti amene umawakhulupirira. Tsamba lililonse likalemba chatsopano, chimabwera chokha pamalo amodzi. Iwo ankati umenewu ndi mono. "Ndimatchera pamene ndikudziwa kuti pamadutsa nsomba, m'mawa n'kukawonjola basi."

Atatisiya, ndinawonjezeramo zanga: nkhani za dziko, za nyengo, za mpingo. Za ziweto zija sindinkatsegula. Zinkangounjikana, ndipo ndikaziona zinkandibwezera kumanda.

Tsikulo linalinso lalikulu pa chifukwa china. Mkazi wanga anasiya ng'ombe yaikazi imodzi kwawo kwa Tengani, m'khola la mchimwene wake, a Zuze. Yaswa chaka chino. Ndinamanga khola kuseri kwa nyumba, tinatenga chilolezo sabata yatha, ndipo m'mawa womwewo lole imayenera kuibweretsa pamodzi ndi kamwana kake. Ndinati ng'ombe ikafika, chikumbutso chikwana chimenecho.

Chala chili pafupi kufufuta, maso anagwera pa mutu wapamwamba. A ofesi ya ziweto anali atalemba dzulo lake madzulo kuti m'makola ena a dera lathu mwapezeka chigodola, nthenda ija ya zilonda m'kamwa ndi m'mapazi, ndipo aletsa kulowetsa kapena kutulutsa ng'ombe.

Ndinawaimbira foni a Zuze nthawi yomweyo.

"Alamu, muli pati?"

"Tili pati? Tikukankha mkazi wanu wachiwiriyu kuti akwere lole. Makani ake ngati a mlongo wanga!"

"Musakweze. Kuno kwagwa chigodola."

"Aaa, mwamva kwa yani? Gulu lanu la pa Watsapu lija, limene linatiuza kuti mlatho wakokoloka ife titaima pamlatho pomwepo?"

"Ayi, alemba eni ake a ziweto patsamba lawo. Ndazipeza m'mono wa mlongo wanu."

Ndinkangomva dalaivala akudandaula chapatali. Kenako a Zuze anati, "Takhuta, alamu," kuthokoza kwa kwawo, n'kukuwira anzawo kuti: "Bwezerani kukhola!"

Ndinapuma ngati ndatula thumba la mapira. Ng'ombeyo ikanangokwera, mwina akanaigwira panjira. Ikanadutsa, ndikanailowetsa ndekha pakati pa nthenda, iyo ndi kamwana komwe. Ndikanamuuza chiyani Tadala?

Sindikunena kuti akufa amatumiza mauthenga. Ndine Mkhristu, ndikudziwa kumene mkazi wanga akupuma. Ndikungoti ntchito imene munthu anaigwira mosamala imapitiriza kuthandiza mwini wake atapita.

Tsono chimene chandikhalitsa pansi ndi ichi, awerengi anzanga. M'mawa womwewo foni yanga inali yodzaza ndi mauthenga a m'magulu. Munali chithunzi cha njoka akuti inalankhula, mkangano wa zipani, ndi vesi loti ndikapanda kulitumiza kwa ena madalitso andiphonya. Za chigodola zinafika m'magulumo masana, zitasintha kale, wina akuti zachitika ku boma lina.

Sindikuweruza. Amene amatumiza zimenezi ndi abale athu, ndipo ambiri amatero chifukwa chotikonda. Kale tinkadandaula kuti nkhani zimatipeza zitazizira. Walira mvula walira matope. Lero nkhani zimabwera ngati Shire atasefukira: nsomba zilimo, koma mulinso zitsa, zinyalala ndi ng'ona. Kodi madzi akasefukira timangoyasamula kukamwa?

Mlimi wa thonje, mphunzitsi wodikira chidziwitso cha ntchito, mayi wogulitsa mbuzi pamsika, aliyense ali ndi malo awiri kapena atatu amene nkhani zokhudza moyo wake zimayambira. Ngati simudziwa kutchera kwake, funsani amene akudziwa. Ine ndinachita kulowa m'chokolo cha mono wa mwini wake, koma inu mungathe kutchera wanu.

Loweruka a Zuze anaimbanso. "Alamu, mkazi wanu uja akudya bwino, musade nkhawa. Koma mlongo wanga wanenanso chiyani lero?"

Ndinawawerengera. Chiletso chikadalipo, khola langa likadali lopanda kanthu, ndipo ndikudikira popanda kudandaula.

Sindinafufute chilichonse. Masiku ano ndikabwerako kumapemphero ndimayamba kuwonjola za ziweto, zanga pambuyo.

Nanga inu, mono wanu munautchera pati, kapena mumangotola zimene madzi ataya pakhomo?