Payipi Yomvera Makabureta

Bambo anga, a Enoki, atasiya ntchito ya pansi pa mgodi kuno ku Bindura, anatsegula garaja kuseri kwa nyumba yathu ku Aerodrome. Ndikati garaja musaganize zambiri: mtengo wa mango, malata angapo, unyolo wokwezera injini, ndi agalu ogona pansi pa magalimoto a eni. Komabe anthu ankachokera ku Mazowe ndi ku Wadzanai, chifukwa pa galimoto ya makabureta awiri panalibe wowaposa.

Chida chawo chachikulu chinali chidutswa cha payipi yothirira dimba. Mbali ina ankaika pakamwa pa kabureta, ina pakhutu, n'kutsinzina. Kabureta akamakoka mpweya amalira kuti siii, ndipo akakhala awiri ayenera kulira mofanana, apo ayi injini imayenda motsimphina. Ife ana tinkadziwa kuti payipi ikafika pakhutu, ngakhale chifuwa umachimeza.

Amayi, a Alinesi, anabwera kuno ali kumbuyo kwa amayi awo kuchokera ku Ntcheu, ndipo sanabwerereko. Powafunsira, bambo analonjeza kuti adzawapititsa kwawoko pa galimoto yawoyawo. Lonjezolo tinakula nalo, ine Nelly mpaka kukwatiwa, ilo n'kumera imvi. Galimotoyo inalipodi, Datsun yabuluu, koma injini yake inafa kalekale, ndipo nkhuku zinkaikira mazira pampando wa dalaivala.

Chaka chimene amayi anayamba kutupa miyendo, bambo anasiya nthabwala. Anaona kuti akachedwanso, mkazi wawo Ntcheu sadzamuona. Anapeza injini ya galimoto ina imene inachita ngozi, ya makabureta awiri, n'kuiika mu Datsun muja. Italira koyamba, amayi anayamba kuchapa zitenje za paulendo.

Koma atapita kukaiyesa mumsewu wa ku Shamva, galimoto inayamba kutsokomola pachitunda, injini n'kutentha. Atabwerako anamasula mapulagi onse anayi, n'kuwandanda pasanza monga anakhalira mu injini. "Pulagi sinama," ankatero nthawi zonse. Awiri akutsogolo anali bii ndi mwaye. Awiri akumbuyo anali mbuu ngati phulusa, ndipo imodzi inali itasungunuka kunsonga. Zinali zoonekeratu kuti kabureta wakutsogolo akumwa petulo wambiri, pamene wakumbuyo akungomeza mpweya. Injini yotero singadutse kutentha kwa ku Tete, pisitoni imabooka panjira.

Anaika mapulagi atsopano, anatenga payipi, anakonzanso, anakayesanso. Chimodzimodzi. Anatukwana petulo wa masiku ano. Anatukwana Farai amene anawagulitsa injiniyo. Akanakhala ndi mpata akanatukwananso nkhuku zija.

Tsiku limenelo ndinali nditabwera kudzathandiza kuchapa. Amayi anali pamphasa, miyendo itawongoledwa, akusenda mtedza, koma maso ali pa mwamuna wawo.

"Bambo a Nelly," anatero, "wakutsogoloyo mukumumvera khutu lamanja, wakumbuyoyo lamanzere. Bwanji kodi?"

"Ndi mmene msana umapindikira ndikaweramira injini pamadigadipa, pamwamba pa tayala. Ndimatero kuyambira kale."

"Lamanzerelo si lija ndimakuitanirani chakudya inu osayankha?"

Bambo anatsitsa payipi ija. Khutu limenelo linadyedwa ndi makina oboolera miyala pansi pa mgodi, ndipo linkangothera pang'onopang'ono. Tonse pakhomo tinkadziwa, koma ndani akanauza munthu wodya za khutu kuti khutu lapita? Kabureta wakumbuyo ankawamvekera ngati wofooka, iwo n'kumangomutsegulirabe, mpaka kuotcha mapulagi. Bambo anaima payipi ili m'manja, akuyang'ana pansi. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo mgodi uja ndinadana nawo kuyambira tsiku lomwelo.

Amayi anadzuka movutikira, anatenga payipiyo, n'kuipukuta ndi chitenje. Za injini sankadziwa kanthu, koma ndiwo ankayambitsa nyimbo ku Mvano, ndipo mayi woimba mokhota ankamuzindikira ngakhale atabisala kumbuyo. Anamvera kutsogolo, anamvera kumbuyo, khutu limodzi lomwelo.

"Wakumbuyoyu akukuwa, mnzakeyu akunong'ona. Mutsitseni."

Bambo anapotoza sikuluu.

"Pang'ononso. Iyayi, mwapitirira, inunso ndi dzanja lanu lolemeralo. Bwererani. Apo! Tsopano akuimba nyimbo imodzi."

Injini inakhazikika, boneti n'kusiya kunjenjemera. Za petulo bambo anamaliza okha, poti zimenezo amaziona ndi maso. Atabwerako ku Shamva ulendo uno, mapulagi onse anayi anali ofiirira ngati tiyi wamkaka. "Zvakanaka," anatero, kutanthauza kuti zili bwino. Chishona ankachiyankhula pakhomo akachita manyazi basi.

Ku Ntcheu anapitadi, kudzera ku Nyamapanda. Amayi anakapeza mng'ono wa amayi awo akadali moyo, anaona manda a agogo awo, ndipo anabwerako ndi thumba la mbatatesi ndi dandaulo loti kwawoko kumazizira mopanda ulemu. Kuyambira pamenepo, galimoto ya makabureta awiri ikalowa pabwalo, tinkangomva, "Mayi a Nelly, tabwerani mudzamve!" Eni magalimoto ankaseka, koma ankabweranso. Masiku amenewo ndimawasowa. Sindinaonepo makolo anga akukangana mokoma ngati mmene ankachitira ataweramira injini ya munthu.

Amayi anatisiya dzinja la chaka chatha. Payipi ija ili pamsomali, pamtengo wa mango. Mwezi wathawu kunabwera mayi wina dzina lake Gamuchirai, ndi galimoto yakale imene bambo ake anamusiyira. Bambo anamasula mapulagi, anawayang'ana, n'kumuuza vuto lonse mosaphonya.

"Ndiye mundikonzere, sekuru," anatero mayiyo, powatchula kuti agogo m'Chishona. "Anthu andiuza kuti khutu lanu silinama."

Bambo anayang'ana pamsomali paja, kenako anabwezera mapulagi m'malo mwake imodziimodzi.

"Pitani kwa ena, mwanangu," anatero. "Makutu anga tinakawaika kumanda."